Ndulu Inali Yanga Yomwe

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye, nonse amene mumawerenga pa tsamba lathu lino, a kuno ku Chitungwiza ndi inu amene muli kutali. Dzina langa ndine Esinati, koma mukafika pa msika wa Makoni n'kufunsa dzina limeneli palibe amene angakulozereni. Funsani Mai Rudo amene ankakazinga chipisi. Ndakhala ndikuzengereza kulemba umboni uwu chifukwa muli zina zochititsa manyazi, koma ndaona kuti umboni wobisa mbali ina suthandiza munthu. Ndinadwala khansa ya m'njira ya ndulu. Ndinatsala pang'ono kufa, osati chifukwa madokotala analephera ayi, koma chifukwa cha liwu limodzi limene tinalimva molakwika pakhomo pathu.

Ndiyambire pa thupi langa, popeza nkhaniyi yagona pamenepo. Bambo anga anachokera ku Angonia, ku Mozambique, kudzagwira ntchito kuno, ndipo ine ndinabadwira ku St Mary's komwe ndikukhala mpaka lero. Kwathu ndife a matupi aang'ono. M'chaka cha njala chija, m'masitolo mulibe ngakhale mchere, ndinawonda mpaka chitenje chinkandizungulira kawiri. Kenako kunabwera dola. Masitolo anadzaza, mafuta ophikira anapezeka, ndipo ine ndinayamba kukazinga chipisi ndi masoseji pa Makoni. Wokazinga salephera kulawa. Mukukumbukiranso kuti masiku amenewo kunalibe makobidi, ndiye m'sitolo chenji ankatipatsa masiwiti. Ine chenji changa ndinkachimaliza ndisanafike n'komwe pokwerera kombi.

Thupi linabwera ndithu, ndipo linabwera ndi abale ake. Anyamata oitanira pa kombi ankandiseka kuti, “Mhamha, inu mipando iwiri!” Ine ndinkangoseka nawo, mumtima ndikunyadira. Munthu amene wagonapo ndi njala sanyoza mnofu. Lamulungu lina ndinaimirira m'tchalitchi nditavala diresi langa lobiriwira, ndinazungulira kuti aliyense aone, ndipo ndinati, “Onani mmene Ambuye andinenepetsera.” Amayi anaimba nthungululu. Umenewo unali umboni wanga woyamba, ndipo ndinaupereka ndi mtima wonse.

Pafupi ndi benchi langa pamsika panali benchi la Abiti Saidi, mayi wachisilamu amene makolo awo anachokera ku Mangochi. Amagulitsa mpunga, matemba ndi nsomba zouma za ku Kariba. Mu mzere wathu wonse, ife awiri ndi amene tinkacheza m'Chichewa, ndipo anzathu a Chishona ankati tikuwanena. Koma tinkakangananso m'Chichewa chomwecho. Masoseji anga ena anali a nkhumba, ndipo mphepo ikatembenuka utsi wake unkagwera pa nsomba zawo. Tsiku lina anandiuza kuti ndisunthe mbaula. Ine pakamwa panga sipachedwa, ndinawayankha kuti akakambirane ndi mwini mphepo. Tinanenezana mawu oipa msika wonse ukumva, ndipo tinakhala nthawi osapatsana moni. Amene anayamba kufewa ndi iwo. Anabwera ndi nsomba ziwiri zouma zikuluzikulu, n'kuziika pa benchi langa. Ndinakaziphika ndi tomato, ndinadya mpaka kunyambita zala.

Pasanapite nthawi yaitali thupi linayamba kuyabwa. Sikunali kuyabwa kwa nsikidzi kapena kwa sopo, kunkachokera mkati, kumene chikhadabo sichifika. Mkodzo unasanduka ngati tiyi wopanda mkaka. Chimbudzi, pepani pa mawuwa, chinayera ngati phulusa. Kasitomala wina ndi amene anandiuza kuti maso anga asanduka achikasu. Ndinatafuna nzimbe monga mmene anthu amalangizira, koma sizinathandize. Ku kiliniki ananditumiza ku chipatala chachikulu m'tauni, ndipo kumeneko ananditenga magazi ndi kundijambula m'mimba.

Tsiku lokamva zotsatira ndinapita ndi amuna anga, a Phiri. Iwo amakonza mafiriji, ndipo ndi munthu wa mawu ochepa, woti ngakhale nyumba itapsa angakuuzeni kuti kwatenthako pang'ono. Ine ndili kwa anamwino kukayezedwa, dokotala anawaitanira iwo m'chipinda. Atatuluka nkhope inali itagwa. M'kombi ndinawafunsa, ndipo anati, “Akuti ndi ndulu. Akuti tibwerenso adzachite opaleshoni.” Sanawonjezerepo kanthu, inenso sindinabwerere kukafunsa ndekha. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinalidya lambiri.

Kunyumba tinapeza a Tete Rozi, mlongo wawo wamkulu wa a Phiri, amene amakhala ku Unit C ndipo ine amanditchula muroora, kutanthauza mkazi wokwatiwa pabanja pawo. Atangomva liwulo anagwira pamutu. “Nduru? Maiwe, muroora, wakadyiswa! Akudyetsa, mwana iwe!”

Achinyamata amene mwakulira kuno mwina simungamvetse chifukwa chake. Ife amene makolo athu anachokera kufupi ndi mitsinje ikuluikulu tinakula tikumva za ndulu ya ng'ona. Akuluakulu ankati ndi poizoni woopsa, woti ng'ona ikaphedwa ndulu yake imatayidwa anthu akuona, kuopa kuti wina angaibise. Kaya ndi zoona kaya ayi, ine sindikudziwa, koma m'makutu mwathu munthu wodwala akatchulidwa pamodzi ndi ndulu, timamva chinthu chimodzi basi: wina wamuthirira m'chakudya. A Tete anayamba kufunsa. Ndani anakupatsa chakudya? Abiti Saidi. Chakudya chanji? Nsomba. Zochokera kuti? Ku Kariba, kumene ng'ona zimachita kuunjikana. Munali pa mtendere? Ayi, tinali titakangana. Zonse zinakwanirana ngati poto ndi chivundikiro chake.

Sindinganame kuti a Tete okha ndi amene anakhulupirira. Inenso ndinakhulupirira. Munthu ukamayabwa usana wonse osadziwa chifukwa, mtima umafuna mdani wokhala ndi nkhope, ndipo nkhope ya Abiti inali pafupi. A Tete anati poizoni sachotsedwa ndi mpeni, akandicheka ndifera pa tebulo pomwepo. Tsiku limene chipatala chinatipatsa linafika n'kudutsa ine ndili kunyumba. A Phiri ankangoti, “Komatu adokotala anati…” ndipo mlongo wawo ankawadula asanamalize. Ananditengera kwa mneneri wina wopempherera panja, kuseri kwa Seke. Kumeneko anandimwetsa madzi amchere osakaniza ndi mafuta, ndinasanza mpaka nthiti kuwawa, ndipo mneneriyo anati zatuluka. Maso anga sanamve uthengawo, anakhalabe achikasu. Tinapitanso, n'kupitanso.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi ichi. A Tete anapita pa Makoni masana dzuwa likuswa mtengo, anaima patsogolo pa benchi la Abiti n'kuwakalipira m'Chishona kuti aliyense amve, akuti ndi mfiti yothira ndulu m'nsomba. Pamsika nkhani yotere siyenda ndi kombi, imafika yokha. Anthu anasiya kugula kwa Abiti. Ine ndinamva zonsezi ndili chigonere, ndipo sindinatume munthu kukaletsa.

Matenda anakula. Chakudya chinkandinyansa, miyendo inalefuka, ndipo ndinkadzikanda ndi chitsononkho mpaka khungu kuchucha magazi. Mwana wathu Rudo, amene amagwira ntchito ku Joni, ankalira pa foni, ine n'kumamunamiza kuti ndikupezako bwino. Ndinayamba kuganiza za amene adzatenge mbaula yanga ndi mapoto anga. Masana ena, ndili ndekha m'nyumba, ndinagwada movutikira pambali pa bedi. Sindinapemphe machiritso, chifukwa mphamvu yokhulupirira zimenezo inali itatha. Ndinali ndi mkwiyo, ndipo ndinapemphera ndi mkwiyo womwewo. Ndinati, “Ambuye, ngati ndikufa, ndisafe ngati mbuzi yosadziwa chimene yalakwa. Ndionetseni mdani wanga ndi maso angawa.”

M'mawa mwake ndinali nditakhala pakhonde kuwothera dzuwa, a Tete akuchapa, a Phiri akumasula firiji ya munthu pabwalo. Geti linatseguka, ndipo analowa Abiti Saidi atafunda mpango wawo, m'manja muli jumbo. Ndinati Mulungu wayankha, mdani uja ndi uyu wabwera yekha.

A Tete anaimirira thovu lili m'manja. “Mukufuna chiyani pano? Mwabwera kudzamalizitsa?”

“Sindinabwere kudzakangana, mayi,” anatero Abiti. “Mundibwereke mbale ndi mpeni.”

Palibe amene anasuntha, choncho anatenga okha mbale imene inali pa thandala, n'kutulutsa kampeni kawo ka pamsika. Anakhala pansi pafupi ndi mapazi anga. M'jumbo muja munali nkhuku yophedwa kale, yososola bwino, koma yosatumbula. Anaitumbula ife tikuonerera, anatulutsa matumbo, nthutumba, kenako chiwindi. Anachiika pa chikhatho n'kundilozera kathumba kobiriwira kamene kamakhala pambali pake.

“Mai Rudo, aka n'chiyani?”

Ndinati, “Ndulu.”

“Nkhuku iyi anaidyetsa ndani?”



“Mwatumbula nkhuku kuyambira muli mtsikana,” anapitiriza. “Mbuzi ili nayo, ng'ombe ili nayo, nsomba zanga zomwe zili nayo. Inu nokha ndiye munabadwa opanda ndulu, mpaka ine ndichite kukuthirirani?” Kenako anatembenukira kwa amuna anga. “Bambo Phiri, ndulu aliyense ali nayo, dokotala sangaitanire munthu opaleshoni chifukwa choti ali ndi ndulu. Anati ndulu yatani?”

A Phiri anaika sipanala pansi. M'zaka zonse za ukwati wathu ndinali ndisanawaonepo akulira, ngakhale pa maliro a mayi awo, koma tsiku limeneli misozi inatsika. Anati, “Anati pali gomarara. Yatseka njira ya ndulu.” Gomarara ndi mmene a Chishona amatchulira khansa. Dokotala anawauza zonse tsiku lija, koma iwo anameza liwu limenelo poopa kuti ndikalimva ndifa ndi mantha, n'kunditengera theka lokhalo limene ankaliona ngati lopepuka. Sanadziwe kuti theka limenelo ndi limene likanandipha.

Mudzadabwa, koma nditamva kuti ndi khansa mtima unakhala pansi. Manyazi ndi amene anandigwira, aakulu kuposa mantha. Ndinayang'ana kathumba kobiriwira kaja ndipo ndinalephera kuyang'ana nkhope ya mwini chikhatho. A Tete anazemba n'kupita kuseri kwa nyumba. Abiti anachotsa nduluyo mosamala, anatsuka nkhuku, anaisenda chikopa, n'kuiphika pa mbaula yanga. Msuzi utapsa sanandikakamize, anangouika pafupi. Ndinatenga ndekha kapu n'kumwa iwo akuona. Ndi kupepesa kokhako kumene ndinakwanitsa tsiku limenelo.

Kutacha Abiti sanatsegule benchi lawo. Anabwera kudzanditenga, ndipo ine, iwo ndi a Phiri tinakwera kombi ya m'tauni. Dokotala anali mayi wachitsikana, wamng'ono kuposa Rudo wanga poyang'ana. Atationa anafunsa kumene tinali nthawi yonseyi, ndipo titamufotokozera anatseka maso kwa kanthawi. Sanatinyoze. Ulendo uno ndinakhala pa mpando ine mwini, ndipo ndinamuuza kuti alankhule ndi ine, pang'onopang'ono, Chingerezi achisiye panja. Anafotokoza m'Chishona chosavuta kuti chiwindi chimapanga ndulu, nduluyo imatsika ndi kanjira kopyapyala kupita m'matumbo kukathandiza kugaya chakudya chamafuta. Chotupa chinali chitamera m'kanjira kameneko n'kukatseka, ndiye ndulu inkabwerera m'magazi. N'chifukwa chake maso anali achikasu, thupi likuyabwa, chimbudzi chitayera. Ananenanso mosabisa kuti khansa imeneyi anthu ambiri amabwera nayo mochedwa, ndipo ngati yagwira mitsempha ikuluikulu yapafupi, mpeni sungathandizenso. Anati andijambulenso kuti aone chimene kuchedwa kwathu kwachita.

Kudikira zotsatira zimenezo ndi kumene kunandiphunzitsa kupemphera mopanda mawu ambiri. Zitatuluka, chotupa chinali chitakula ndithu, koma mitsempha chinali chisanaigwire. Dokotala anati khomo likadali lotsegula, koma latsala kamng'alu. Anandigoneka, anandiika kapaipi koti ndulu ipeze potulukira, ndipo anati tidikire chikasu chitsike ndisanachekedwe.

M'masiku odikira amenewo ndinamufunsa funso limene linkandisowetsa mtendere. Ngati palibe amene anandidyetsa, ndiye chinthuchi chinabwera bwanji? Anayankha kuti kwa odwala ambiri palibe amene amadziwa, ndipo sangandinamize kuti kwa ine akudziwa. Koma anati pali zina zimene anthu ofufuza akuziona kuti zimayenda limodzi ndi khansa imeneyi, ndipo chimodzi mwa izo ndi thupi lalikulu kwambiri. Apa ndi pamene anandiuza chinthu chimene sindinachimvepo chibadwire. Anati mafuta a m'thupi si katundu wongosungidwa ngati thumba la ufa pakona. Mafuta amalankhula. Amatumiza mauthenga m'magazi, amene madokotala amawatcha mahomoni. Uthenga wina, wotchedwa lepitini, ntchito yake ndi kuuza mutu kuti thupi lili ndi chakudya chokwanira. Mafuta akachuluka uthenga umenewu umachulukanso, pamene uthenga wina, umene umaziziritsa zinthu m'thupi, umachepa. Ndiye ofufuza apeza kuti tizigawo ta khansa ya njira ya ndulu tili ndi makutu omvera lepitini, ndipo tikamumva timalimbikitsidwa kukula.

Ndinakhala tsonga pa bedi. Ndinati, “Adokotala, mukutanthauza kuti mafuta angawa, amene ndinawachitira umboni m'tchalitchi amayi n'kuimba nthungululu, nthawi yonseyi akhala akuchita miseche ndi chotupa?”

Anaseka mpaka kugwira chitsulo cha bedi. Kenako anandiwongola. Anati sananene kuti mafuta ndiwo anabweretsa khansa yanga, popeza oonda nawonso amadwala, ndipo onenepa ambiri sadwala. Anati kuthokoza chakudya utachoka m'njala si tchimo. Koma miseche yokhayo anavomereza kuti ikhoza kukhalapo. Ine pamenepo ndinaganiza za nthawi yonse imene tinkafufuza wondinong'onezera zoipa pa Makoni, pamene wonong'ona anali m'diresi langa lomwe, akukwera nane kombi pa mipando iwiri.

Ndinamuuza kuti ngati zili choncho andipatse mankhwala otseka makutu a chotupacho, nkhani ithe. Anapukusa mutu. Anati zimenezo ndi zomwe ofufuza akuyesa, kupeza mankhwala oti chotupa chisamve uthenga wa mafuta, kapena okweza uthenga woziziritsa uja. Koma anati ntchitoyo ikadali m'malabotale, amayesera pa tizigawo ta khansa ndi pa makoswe, ndipo mwina idzafika kwa anthu, mwinanso idzalephera. “Lero, amai, chimene tili nacho ndi mpeni,” anatero. Ndipo poona nkhope yanga anazindikira zimene ndinkaganiza, ndiye anandichenjeza kuti ndisayerekeze kudzimana chakudya pofuna kulanga mafuta. Anati opaleshoni ikufuna munthu wamphamvu, ndidye zonse zimene andipatse. Za kusabwerera ku mipando iwiri tidzakambirana ndikachira.

Opaleshoni inali yaikulu. Anachotsa chigawo cha njira ya ndulu pamodzi ndi chotupa, kathumba ka ndulu, chigawo cha matumbo ndi mbali ina ya kapamba, kenako n'kulumikiza zotsalazo. Ndinadzuka ndili ndi mapaipi mbali zonse, pakamwa pouma, ndipo kwa masiku angapo ndinkadandaula kuti bwanji anandidzutsa. Za ndalama sindilowamo. Ndingonena kuti amayi a mpingo wathu, anzanga a pamsika ndi amayi a ku mzikiti wa Abiti anasenza katundu amene ife sitikanamutha, ndipo ena a iwo mpaka lero sindikuwadziwa nkhope. Pambuyo pake panabweranso mankhwala a khansa, amene anandifoola kwa miyezi. Koma kuyabwa kunatha, maso anayera, ndipo tsiku limene chimbudzi chinabwerera mtundu wake ndinaimba nyimbo ya chitamando m'kachipinda komwemo. Sindinaganizepo kuti munthu angathokozere Mulungu kumalo otero, koma ndinatero.

Nditabwerera ku St Mary's ndinali nditawonda kwambiri. Kuno mukudziwa zimene anthu amanena mzimayi wonenepa akawonda. Ena ankandipatsa moni akuyang'ana a Phiri ndi diso la m'mbali. Poyamba zinkandipweteka, koma ndinakumbukira kuti inenso ndinavomereza nkhani yopanda mutu yonena za mnzanga, ndiye ndinangowasiya. A Tete nawo anabwera ndi majarini ndi zakumwa zotsekemera, akuti tibwezeretse muroora wathu mmene analili. Ndinawathokoza, ndipo ndinawauza kuti ndidya kuti ndikhale ndi mphamvu, koma a miseche aja sindikuwaitananso m'nyumba. Sanamvetse, ndipo mpaka lero amaona ngati madokotala anandibera thupi.

Panatsala ntchito imodzi. Miyendo itangolimba ndinapita pa Makoni nthawi imene anthu amachuluka, ndinakhala pa benchi la Abiti, ndinatenga matemba okazinga n'kumadya aliyense akuona. Kenako ndinaimirira n'kunena m'Chishona, kuti pasakhale wonena kuti sanamve, kuti ndulu imene inkandidwalitsa inali yanga yomwe, yobadwa nayo, ndipo mayi uyu ndi amene anandibweza ku manda. A Tete pakamwa pawo sipadziwa kutchula pepani. Iwo anachita mwa njira yawo. Anabwera tsiku lina n'kugula nsomba kwa Abiti mokweza mawu, akufunsa mtengo ngati ali kutsidya kwa msewu, kuti mzere wonse uone. Abiti anawawonjezera basera, ndipo nkhani inathera pamenepo. Makasitomala anabwerera pang'onopang'ono, ngakhale kuti ena sanabwererenso.

Chipisi ndinasiya. Pano ndimagulitsa masamba, mtedza wophika ndi mbatata, ndipo palibenso utsi wogwera pa nsomba za munthu. Ine ndi Abiti timatsika kombi isanafike pamsika n'kumaliza ulendo wapansi, iwo akudandaula mawondo, ine ndikudandaula dzuwa. Diresi lobiriwira lija ndinapita nalo kwa telala kuti alichepetse, ndipo ndinalivala tsiku limene ndinaimiriranso m'tchalitchi. Ndinauza mpingo kuti umboni woyamba uja sindikuubweza, chifukwa amene anandidyetsa nditachoka m'njala ndi Mulungu yemweyo. Ndinangowonjezera kuti dalitso nalonso limafuna kulisamala, ndipo si thupi lalikulu lililonse limene lili pa mtendere mkati.

Dokotala sananene kuti ndachira mpaka kalekale, ndipo inenso sindinena zimenezo. Khansa imeneyi imatha kubwerera, n'chifukwa chake ndimapitabe kukajambulidwa nthawi ikakwana, ndipo ulendo uliwonse mtima umagunda. Koma ndili moyo, ndaona mdzukulu amene sindikanamuona, ndipo ndikudziwa dzina la chimene ndikulimbana nacho. Pa mapemphero anga ndinawonjezeramo anthu amene sindidzakumana nawo, aja a m'malabotale amene akufuna kutseka makutu a chotupa. Kwa ine mankhwala awo sanafike, koma mwina adzafika kwa mwana wa wina.

Inu amene muli pa mphasa lero, kapena mukusamala wodwala, musataye mtima, koma musatayenso tsiku lanu la kuchipatala. Maso akasanduka achikasu, thupi likamayabwa popanda chifukwa, pitani msanga. Lowani nokha kwa dokotala, khalani pa mpando, ndipo akatchula liwu funsani kuti latani, mpaka mumve. Amuna inu, musameze theka la uthenga chifukwa cha chikondi. Pempherani, inde, ine ndine mboni kuti pemphero limayankhidwa, koma yankho lake mukhoza kulipitikitsa pa geti ngati mwasankhiratu nkhope imene lidzabwere nayo. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo wanga ananditsina ndi chiwindi cha nkhuku.

Ndikuthokoza Mulungu amene sanandiyankhe monga mwa mkwiyo wanga. Ndinamupempha kuti andionetse mdani, ndipo Iye anatsegula geti n'kulowetsa munthu amene tinamuipitsira dzina, atanyamula nkhuku m'jumbo. Tsiku lina tikuyenda kupita ku msika ndinayesa kuwauza Abiti zimenezi, misozi ili m'maso. Iwo sakonda zolira pamsewu. Anangokonza mpango wawo n'kunena kuti, “Mai Rudo, paja kathumba kanu ka ndulu anachotsa. Ndiye mukadzadwalanso mudzanamizira ndani?”

Ndinawauza kuti palibe, ndidzangowaitana kuti andiperekeze. Anati, “Insha Allah,” ine ndinati, “Ameni,” ndipo tinapitiriza ulendo. Ambuye amene anandisungira kamng'alu ka khomo kaja akusungireni inunso, ndipo mukakaona lowani, musachedwe ngati ine.